Dzina Lakale la Boma Lathu: Kodi Manning Anali Yani?

Ambiri a ife tinamvapo akuluakulu a kuno ku Chiosya, makamaka agogo athu, akulitchula boma lathu la Mchinji ndi dzina lachilendo loti Fort Manning. Ena tinalionanso dzinali pa mapu akale, kapena pa zikalata zakale za ubatizo ndi za sukulu zimene makolo amasunga pansi pa sutikesi. Mawu akuti Fort atanthauza linga la asilikali, ndipo Manning ndi dzina la munthu. Koma tikafunsana kuti kodi munthu ameneyu anali yani, anaphunzira kuti, ndipo anachita chiyani kuti dziko la makolo athu lidziwike ndi dzina lake zaka zoposa 60, ambiri timangoyang'anana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chotero m'nkhani ino ndifuna kufotokozera anzanga ndi aphunzitsi athu mbiri ya munthu ameneyu m'zigawo zitatu: maphunziro ake, usilikali wake, ndi ntchito yake yolamulira ndi kupanga malamulo. Pambuyo pake ndidzamuyerekeza ndi msilikali wina wa ku America amene nayenso anachoka ku nkhondo nakhala wopanga malamulo, koma iye analowera pa khomo lina. Ndikhulupirira kuti tikawaika pamodzi anthu awiriwa tidzaona bwino kusiyana kwa lamulo lobwera ndi mfuti ndi lamulo lobwera ndi voti.

Kubadwa ndi Maphunziro Ake

William Henry Manning anabadwa ku Mangalande pa 19 July 1863. M'chaka chimenecho Dr. David Livingstone anali akuyendabe m'mbali mwa Nyanja, ndipo kuno kwathu kunalibe boma la Azungu ngakhale pang'ono. Atakula, Manning anakaphunzira ku sukulu ya ukachenjede ya Cambridge, imene ili imodzi mwa sukulu zakale kwambiri ndi zomveka za ku Mangalande. Kuchoka kumeneko anapita ku Sandhurst, sukulu yophunzitsa atsogoleri a asilikali.

Tiyenera kumvetsa kuti ku Sandhurst sikupita munthu kukaphunzira kuwombera mfuti kokha ayi. Kumeneko mnyamata amaphunzira kujambula ndi kuwerenga mapu, kumanga malinga, malamulo a usilikali, mbiri ya nkhondo zakale, ndiponso kulamulira anthu. Chinthu chachikulu chimene amachiphunzira ndicho ichi: wamkulu akalamula, wamng'ono amachita, ndipo safunsa chifukwa chake. Mwambo umenewu ndi wofunika pa nkhondo, pakuti asilikali sangachite msonkhano wotsutsana pamene zipolopolo zili kugwa. Koma tiukumbukire mwambowu, chifukwa tidzakumana nawonso pamene munthu yemweyu adzakhala pa mpando wopanga malamulo a anthu wamba.

M'chaka cha 1886 Manning analandira udindo wake woyamba m'gulu la asilikali lotchedwa South Wales Borderers. Mu 1888 anasamukira ku gulu lankhondo la ku India, dziko limene nthawi imeneyo linali m'manja mwa Angerezi. Anamenya nawo nkhondo ku Burma, kumene analasidwa, ndipo mu 1891 anamenyanso nkhondo m'mapiri a kumpoto chakumadzulo kwa India. Kumeneko anazolowera kutsogolera asilikali a mtundu wa Asikh, amuna aatali ovala nduwira kumutu ndi osunga ndevu. Kuzolowerana kumeneku ndiko kunamutsegulira njira yobwera kuno.

Kufika Kwake M'dziko Muno

Mu 1891 Angerezi analengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chawo, ndipo anatuma Harry Johnston kudzakhazikitsa boma ku Zomba. Johnston anali ndi mpando ndi mbendera, koma analibe mphamvu, popeza mafumu ambiri sanali kumumvera. Tsono anapempha asilikali Achisikh ndi atsogoleri awo kuchokera ku India. Manning anafika mu 1893, chaka chomwecho chimene dziko lino linapatsidwa dzina loti British Central Africa. M'zaka za 1893 ndi 1894 anatsogolera nkhondo za ku Mulanje ndi ku Chiradzulu.

Nkhondo za masiku amenewo zinali ndi nkhope ziwiri. Mbali imodzi zinathetsa malonda oipa a akapolo, amene anali kupululutsa midzi yambiri. Ndi asilikali a boma lomweli amene anagonjetsa Mlozi ku Karonga mu 1895. Mbali ina zinali nkhondo zolanda ufumu, kuti mafumu onse agwadire boma latsopano ndi kuti anthu awo ayambe kupereka msonkho. Munthu wofuna kunena zoona ayenera kutchula zonse ziwiri.

Johnston atachoka mu 1896, mpando wake unatengedwa ndi Alfred Sharpe. Mu 1897 Manning anakwezedwa kukhala wachiwiri wa Sharpe ndiponso mkulu wa asilikali onse a dziko lino, ndipo pamene Sharpe anali kutchuthi, Manning ndiye ankagwirizira mpando wake. Apa ndi pamene mbiri yake ikumana ndi mbiri ya kwathu kuno.

Nkhondo ya kwa Mpezeni

Monga tidziwa, Angoni anachokera kummwera kwa Afrika, ndipo motsogozedwa ndi Zwangendaba anawoloka mtsinje wa Zambezi mu November 1835, tsiku limene kunachita kadamsana. Zwangendaba atamwalira, Angoni anagawikana. Gulu la mwana wake Mpezeni linayendayenda zaka zambiri, kufikira linadzakhazikika cha m'ma 1870 m'dziko la mapiri limene lero lili mbali zonse ziwiri za malire athu, ku Chipata ndi kuno ku Mchinji. Anali anthu amphamvu, olemera ndi ng'ombe, ndipo Achewa ambiri a kuno anamva kuwawa kwa nthungo zawo. Ena anagwidwa nalowa m'gulu la Angoni, ena anathawira m'mapiri ndi m'malinga.

Pakati pa Angoni panafika Mjeremani wina wa malonda a minyanga, dzina lake Carl Wiese, amene anapalana ubwenzi ndi Mpezeni. Munthu ameneyu anatenga chikalata chonena kuti mfumu yamupatsa dziko lalikulu, ndipo chikalatacho chinafika m'manja mwa kampani ya ku London yotchedwa North Charterland Exploration Company. Mbiri inamveka ku Ulaya yoti m'dziko la Mpezeni muli golide wambiri. Anthu a kampani anabwera, nayamba kumanga malinga ndi kukumba miyala m'dziko la eni ake. Mpezeni anali atakalamba ndipo anafuna kuchita zinthu mofatsa, koma mwana wake Nsingo, amene anali mtsogoleri wa anyamata ankhondo, anaona kuti alendowo sadzachokanso ngati sawathamangitsa msanga.

Kumapeto kwa 1897 anthu a kampani anaona kuti azingidwa, natumiza uthenga wopempha chithandizo ku boma la ku Zomba. Mu January 1898 asilikali analowa m'dziko la Mpezeni kuchokera mbali yathu ino, ndipo mkulu wa nkhondo yonseyo anali Manning. Atsogoleri anali Azungu, panalinso Asikh, koma unyinji wa asilikaliwo anali anthu akuda a dziko lino lomwe. Ananyamula mizinga ndi mfuti za chiwaya zotchedwa Maxim, zimene zimalavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi.

Angoni anali ambiri ndi olimba mtima, koma chida chawo chinali nthungo yaifupi ndi chishango cha chikopa cha ng'ombe. Nkhondo yawo inali yothamangira mdani ndi kumubaya pafupi. Tsono pofuna kufika pafupi, anayenera kudutsa pa bwalo pamene chiwaya chinali kusesa, ndipo chikopa cha ng'ombe sichiletsa chipolopolo. M'masabata owerengeka okha nkhondo inatha. Midzi inatenthedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi bwalo la asilikali, nawomberedwa mu February 1898. Mpezeni anadzipereka yekha, ndipo anasungidwa ngati mkaidi pa linga limene asilikali anamanga mbali yathu ino kuti aziyang'anira Angoni. Linga limenelo ndilo Fort Manning. Pambuyo pake nkhalambayo inaloledwa kubwerera kwawo, kumene inamwalira mu 1900.

Golide wambiri uja sanapezeke. Koma zotsatira za nkhondoyo tili nazo mpaka lero. Mwambo wa Ncwala, wolawa zakudya zoyamba za m'munda, unaleka kuchitika kuyambira nthawi imeneyo kufikira unadzutsidwanso mu 1980. Malire amene Azungu anagwirizana okhaokha, otsata mtunda wogawa madzi opita ku Luangwa ndi opita ku Nyanja, analimba, kotero kuti Angoni a kwa Zulu ndi a kwa Mlonyeni ali m'Malawi pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni ili m'Zambia. Ambiri a ife tili ndi abale tsidya la Mwami, ndipo tidziwa kuti mtundu ndi umodzi, chinenero ndi chimodzi, koma maiko ndi awiri. Manning yekha anakwezedwa pa udindo chifukwa cha kupambana kwake.

Manning ndi Asilikali a Keyala

Ntchito ina yaikulu ya Manning inali yosandutsa amuna a dziko lino kukhala gulu lankhondo lokhazikika. Ayao, Atonga, Angoni, Achewa ndi ena analembedwa usilikali, naphunzitsidwa perete ndi kuwombera. Angerezi ataona kuti amuna amenewa ndi olimba, anayamba kuwatuma kunja: ku chilumba cha Mauritius mu 1899, ndi ku nkhondo ya Asante, m'dziko limene lero ndi Ghana, mu 1900.

Pa 1 January 1902 magulu ankhondo a kuno, a ku Kenya, a ku Uganda ndi a ku Somaliland anaphatikizidwa kukhala gulu limodzi lotchedwa King's African Rifles. Makolo athu anafupikitsa dzinali nati Keyala. Magulu awiri oyamba a Keyala anali a dziko lino, ndipo woyang'anira wamkulu woyamba wa Keyala yense anali Manning, amene anagwira udindowo kufikira 1907.

Si nkhondo zake zonse zimene zinamuyendera bwino. Kuyambira kumapeto kwa 1902 anatsogolera nkhondo ya ku Somaliland yolimbana ndi mtsogoleri wa Asomali, Mohammed Abdullah Hassan. Mu April 1903, pa malo otchedwa Gumburu, gulu lina la asilikali ake linazingidwa, zipolopolo zinawathera, ndipo ambiri anaphedwa. Pakati pa akufawo panali amuna ambiri a gulu lachiwiri la Keyala, ana a dziko lino, amene anafera m'chipululu cha kutali pa mkangano umene sunali wawo. M'chaka chomwecho utsogoleri wa nkhondoyo unapatsidwa kwa munthu wina, komabe mu 1904 Manning analandira ulemu wotchedwa Sir.

Gulu limene iye anathandiza kulimanga linakula koposa. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 anali asilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga. Pa nkhondo yachiwiri, Keyala anakafika mpaka ku Burma, dziko lomwe lija kumene Manning analasidwa ali mnyamata. Mbusa John Chilembwe, amene anaphunzira ku Lynchburg m'dziko la America, analemba kalata mu November 1914 yodandaula kuti anthu akuda ali kukhetsa mwazi pa nkhondo za Azungu koma pa nthawi ya mtendere sapatsidwa kanthu. Dandaulo limeneli litifikitsa pa chigawo chachitatu.

Bwanamkubwa ndi Bungwe la Malamulo

Mu 1907 dziko lino linatchedwa Nyasaland, mkulu wa boma anayamba kutchedwa Bwanamkubwa, ndipo panakhazikitsidwa Bungwe la Malamulo, limene ndilo kholo la Nyumba ya Malamulo yathu ya lero. Bungweli linkakumana ku Zomba. Manning, atalamulira Somaliland kanthawi kochepa mu 1910, anabwerera kuno mu 1911 monga Bwanamkubwa, ndipo anakhala kufikira 1913. Mwa udindo umenewu iye ndiye anali wapampando wa Bungwe la Malamulo.

Tsono tiyeni tione m'mene bungwelo linalili. Wapampando anali Bwanamkubwa. Pambali pake panali akuluakulu atatu a boma, amene anali antchito ake, ndipo sakanatha kumutsutsa poponya voti. Panalinso Azungu atatu osakhala a boma, koma amenewanso ankachita kutchulidwa ndi boma, osati kusankhidwa ndi anthu. Mmodzi wa iwo ankakhala mmishoni, monga Dr. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, ndipo ankayembekezeka kulankhulira anthu akuda. Munthu wakuda munalibemo ndi mmodzi yemwe. Chotero malamulo okhudza msonkho wathu, minda yathu ndi mafumu athu ankapangidwa ndi anthu asanu ndi awiri, m'chinenero chimene eni dziko ambiri sanali kuchimva.

Lamulo lalikulu la masiku a Manning ndi la mu 1912, lokhudza kayendetsedwe ka maboma ndi midzi. Nkhondo zija zinali zitathyola mphamvu ya mafumu, ndipo boma linapeza kuti Mzungu mmodzi wokhala pa boma sangathe yekha kuyang'anira midzi mazanamazana. Tsono lamuloli linapatsa Bwanamkubwa mphamvu yoika mafumu aakulu oyang'anira zigawo, ndi anyakwawa pansi pawo. Ntchito yawo inali kuthandiza kusonkhetsa msonkho, kugwira olakwa, kuona za ukhondo wa m'midzi, ndi kufikitsa kwa anthu mawu a boma. Amene anaika ndiye analinso ndi mphamvu yochotsa.

Apa pali chinthu choyenera kuchiganizira. Mwa mwambo wathu wa Chichewa, mfumu imalongedwa ndi mbumba ndi akuluakulu a banja, ndipo poweruza milandu imakhala ndi nduna zake pa bwalo, pamene munthu aliyense ali ndi danga lolankhula. Lamulo la 1912 linatembenuza nkhope ya mfumu, kuti m'malo moyang'ana kwa anthu ake iziyang'ana ku boma. Kunali ngati kuika mudzi m'dongosolo la usilikali: Bwanamkubwa alamula bwana wa pa boma, bwanayo alamula mfumu yaikulu, mfumu ilamula nyakwawa, nyakwawa alamula mwini nyumba. Mawu ankatsika mosavuta, koma kukwera ankakwera movutika. Dongosolo limeneli linakhala kufikira 1933, pamene lamulo lina linawonjezera mphamvu za mafumu ndi kuwapatsa mabwalo awo a milandu.

Kunena za msonkho wa nyumba, m'zaka zimenezo munthu amene anagwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka lokha la msonkho, pamene wokhala pamudzi kulima munda wake ankalipira wonse. Aliyense angathe kuona kuti lamulo lotere linapangidwa pofuna kuthandiza eni minda ya thonje ndi fodya kupeza antchito. M'bungwemo mukanakhala mlimi mmodzi yekha wa kumudzi, bwenzi atafunsa kuti, kodi kulima chimanga cha ana anga si ntchito?

Jamaica ndi Ceylon

Mu 1913 Manning anatumizidwa ku chilumba cha Jamaica, kumene anakhala Bwanamkubwa kufikira 1918. Anzanga okonda mpira adzakondwa kumva kuti chikho chimene sukulu za sekondale za mu mzinda wa Kingston zimalimbirana chimatchedwa Manning Cup, potengera munthu yemweyu. Kuchoka kumeneko anapita ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, nalamulira kuyambira 1918 mpaka 1925.

Ku Ceylon anapeza anthu ophunzira ambiri amene anali kufuna mawu m'boma. Pa nthawi yake bungwe la malamulo la kumeneko linakonzedwanso kawiri, ndipo mamembala osankhidwa anachuluka. Koma Manning anaumirira kuti mipando ina izigawidwa potsata mitundu ya anthu, ndipo olemba mbiri ambiri amati njira imeneyi inakulitsa kusamvana pakati pa Asinhala ndi Atamil, amene poyamba atsogoleri awo anali m'bungwe limodzi. Anapuma pa ntchito mu 1925, namwalira pa 1 January 1932. Analamulira maiko anayi, koma palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene anaimirira pamaso pa anthu olamulidwawo kuwapempha voti.

Msilikali Wina, Khomo Lina

Tsopano tiwoloke nyanja tione munthu wachiwiri uja. Daniel Inouye anabadwa mu 1924 ku Honolulu, pa zilumba za Hawaii, m'banja la anthu ochokera ku Japan. Ali mnyamata ankafuna kudzakhala dotolo wa opaleshoni. Mu December 1941 ndege za Japan zinaphulitsa doko la Pearl Harbor, ndipo boma la America linayamba kukayikira nzika zake zonse za mtundu wa Chijapani. Anthu pafupifupi 120,000 anachotsedwa m'nyumba zawo natsekeredwa m'misasa popanda mlandu. Ngakhale zinali chomwecho, Inouye analowa usilikali mu 1943, m'gulu la nambala 442, limene asilikali ake anali a mtundu wake womwewo. Pa 21 April 1945, ku Italy, bomba linaphwanya mkono wake wamanja pamene anali kutsogolera anzake kukwera phiri la adani, ndipo mkonowo unadulidwa.

Udotolo unathera pomwepo, koma mutu unatsala. Anabwerera ku sukulu, natsiriza maphunziro ake ku University of Hawaii mu 1950, ndipo pambuyo pake anaphunzira za malamulo ku George Washington University. Atatero anapita kwa anthu a kwawo kukapempha voti. Mu 1954 anamusankha kulowa m'nyumba ya malamulo ya Hawaii, mu 1959 anamutuma ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, ndipo kuyambira 1963 anakhala m'nyumba yapamwamba yotchedwa Senate kufikira imfa yake mu December 2012. Mpando wa m'nyumba imeneyo ndi wa zaka zisanu ndi chimodzi, kotero kuti nthawi ndi nthawi ankayenera kubwerera kwa anthu kuti amuweruze, ndipo anamusankha kasanu ndi kanayi. Iye anali mmodzi wa amene analimbikira kufikira boma la America, mwa lamulo la 1988, linapepesa kwa anthu otsekeredwa aja ndi kupereka madola 20,000 kwa aliyense amene anali akali moyo.

Onse awiri anaphunzira bwino, onse awiri analasidwa pa nkhondo, ndipo onse awiri anapanga malamulo. Manning analandira mpando wake kuchokera kwa akuluakulu a ku London, ndipo akalakwa ankayankha kwa iwo. Inouye analandira mpando wake kuchokera kwa asodzi, alimi a nzimbe ndi aphunzitsi a kwawo, ndipo iwo akanatha kumulanda mpandowo popanda kuwomba mfuti. Sindikunena kuti wina anali woipa mtima ndi wina woyera mtima. Ndikunena kuti wopanga malamulo amatchera khutu kwa amene ali ndi mphamvu yomuchotsa.

Ulendo Wathu Wofika pa Voti

Makolo athu anayenda ulendo wautali kuti atsegule chitseko cha bungwe lija la ku Zomba. Anthu akuda oyamba analowamo mu 1949, ndipo anali awiri okha, ochita kutchulidwa ndi boma. Mu 1956 analowamo asanu osankhidwa ndi makhonsolo a zigawo, ndipo pakati pawo panali Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anyamata ophunzira amene mafunso awo anagwedeza boma. Pa 15 August 1961 kunachitika chisankho chachikulu choyamba, ndipo pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu. Pambuyo pa ufulu maina a malinga anafafanizidwa: Fort Johnston inakhala Mangochi, Fort Hill inakhala Chitipa, ndipo Fort Manning inakhala Mchinji, monga tsidya linalo Fort Jameson inakhala Chipata.

Koma kusintha dzina nkosavuta kuposa kusintha mwambo wolamulira. Kuyambira 1966 dziko lathu linakhala la chipani chimodzi, ndipo mawu anayambanso kutsika kuchokera kumwamba osakwera. Panafunika riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 kuti anthu apezenso mphamvu yosankha pakati pa zipani zambiri.

Malamulo aakulu a dziko lathu amene tili nawo tsopano amanena kuti wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo akhale nzika ya zaka zosachepera 21, wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsata zokambidwa m'nyumbamo. Amanenanso kuti munthu amene akali pa ntchito ya usilikali kapena ya upolisi sangakhale phungu. Msilikali ndi munthu woyenera ulemu, ndipo akapuma pa ntchito ali ndi ufulu wonse wopikisana nawo, koma ayenera kuyamba wavula yunifomu, natula mfuti pansi, ndi kudzapempha kwa ife monga munthu wina aliyense. Amene awerenga mbiri ya 1898 ndi ya 1912 adzamvetsa chifukwa chake lamulo limeneli lilipo.

Anzanga, ambiri a ife tidzafika zaka 18 tisanaiwale njira ya ku sukulu ino, ndipo tidzakhala ndi ufulu wolembetsa ndi kuponya voti. Nsingo analibe chinthu chimenechi, asilikali amene anagwa ku Gumburu analibe, ndipo mlimi wolipira msonkho wathunthu uja analibenso. Chotero wina akadzabwera kudzapempha mpando, kaya ndi msilikali wopuma, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi wamalonda, tisadzangoyang'ana zikalata za maphunziro ake kapena nyota za pa phewa lake. Tidzamufunse zimene adzachite pa nkhani ya msewu, ya mtengo wa mtedza ndi soya, ndi ya mankhwala m'chipatala, ndipo pakatha zaka zisanu tidzamufunsenso ngati anachita. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la dziko ndi lolemera kuposa madenga onse.